Nyumba Zoonda za ku Tokyo

Mukatulukira kuchipata cha kummawa kwa siteshoni ya Shinjuku mumzinda wa Tokyo n'kuyenda mphindi zochepa chabe, mumakafika pamsewu waukulu wotchedwa Yasukuni-dori. Tsidya la msewuwo kuli nyumba zosanjikizana zili ndandanda, zoonda koma zazitali, iliyonse itavala zikwangwani kuyambira pansi mpaka kudenga. Alendo ambiri amaima pomwepo, kujambula magetsi ali ng'aning'ani, basi n'kumapita. Amakhala ataona zikwangwani, nyumbazo osaziona. Ine ndikufuna tiime pang'ono kutsogolo kwa imodzi mwa izo, chifukwa ndimakhulupirira kuti pa zomangamanga zonse zimene mzinda umenewu umanyadira, luso lozama kwambiri lili m'nyumba zimenezi, zomwe amisiri ake sadziwika n'komwe maina.

Anthu a ku Japan amazitcha zakkyo. M'lifupi mwake nyumba yotere ingakhale mamita 5 kapena 6 okha, koma ili ndi nsanjika 8 kapena 9, ndipo nsanjika iliyonse ili ndi bizinesi yakeyake. Kunsi kwa nthaka kuli malo omwera. Pamene mwaimapo pali shopu ya mankhwala. Pamwamba pake akuotcha nyama, pamwamba pa nyamayo dokotala akuzula dzino, kenako zipinda zoimbiramo karaoke, ometa tsitsi, kaofesi ka wowerengera ndalama, ndipo nthawi zina kumtunda kwenikweni kumakhala mwininyumba ndi banja lake. Tangoganizani mabenchi a mumsika, amene kwathu timawayala mondondozana pansi, wina atawanyamula n'kuwasanjikiza, aliyense n'kumagulitsabe zake osasokonezana ndi mnzake.

Kuti timvetse chimene mmisiri amalimbana nacho, tiyambire pa nthaka. Chivomezi cha mu 1923 ndi moto umene unabuka pambuyo pake zinasakaza mbali yaikulu ya Tokyo, ndipo mabomba a mu 1945 anatenthanso zimene anthu anali atamanga. Maulendo onse awiri akuluakulu anajambula mapulani a mzinda watsopano wa misewu yotakasuka, ndipo maulendo onse awiri mapulaniwo anachepetsedwa kwambiri, makamaka chifukwa cha ndalama. Eni malo sanadikire. Aliyense anabwerera pa kapuloti kake n'kumanga. Mpaka lero malo ambiri apakati pa mzinda ali m'manja mwa mabanja ndi timakampani, ndipo msonkho wa chuma cha masiye, umene umafika 55 peresenti kwa olemera kwambiri, umachititsa kuti mapuloti azingogawikagawika. Ndiye pa timapuloti tomweti ndi pamene sitima zimakhuthulira anthu. Mliri wa Covid-19 usanafike, pa siteshoni ya Shinjuku pokha pankadutsa anthu oposa 3 miliyoni tsiku lililonse. Amene amatulukira kunja amatuluka wapansi, wina ali ndi njala, wina ludzu, wina dzino lowawa, ndipo sayenda mtunda wautali asanalowe penapake. Khomo loyang'ana kumsewu pafupi ndi siteshoni ndi losowa, pomwe olifuna ali ambirimbiri. Ntchito imene mmisiri amapatsidwa ndi iyi: pa dothi lokwana shopu imodzi apezepo mashopu 8, ndipo iliyonse ikhale ngati ili pamsewu.

Povuta ndi pomalizapo. Kusanjikiza zipinda aliyense wodziwa konkire ndi zitsulo angathe. Koma wogula ndi munthu waulesi miyendo, ndiponso wamanyazi. Salowa pakhomo asakudziwa chimene chili kuseri, ndipo akaona mlonda ndi buku lolembamo dzina amabwerera. N'chifukwa chake m'mizinda yambiri padziko malonda amathera pansi, pamwamba n'kukhala maofesi kapena nyumba zogona. Amisiri a ku Tokyo anapeza njira pochotsa chilichonse chimene chinali pakati pa msewu ndi chikepe.

Tayang'anani polowera. Shopu yapansi ndi imene imalipira lendi yokwera kuposa zonse, choncho imapatsidwa pafupifupi kumaso konse kwa nyumba. Chotsala ndi kampata kongokwana anthu awiri kupatukirana. Chitseko palibe, mlonda palibe, mpando wodikirirapo palibe. Mukaponda katatu kapena kanayi kuchoka pamsewu mwafika pa chikepe, ndipo m'nyumba zina chitseko cha chikepecho chimayang'ana kumsewu kwenikweni. Pambali pake pali chikwangwani chowala chogawidwa timizere, kamzere kalikonse ndi nsanjika yake, dzina la shopu, ndipo kawirikawiri zithunzi za chakudya ndi mitengo yake. Musanakwere mwadziwa kale chimene mukadye ndi ndalama zimene mukasiye. Chikepecho n'chaching'ono, cha anthu 6 kapena 9. Mwadina batani la nsanjika yachisanu, chanyamuka, chaima. Chitseko chikatseguka simupeza khonde kapena kanjira ka zitseko zotseka. Mwalowa kale m'malo odyera, fungo la msuzi lakulandirani, wogwira ntchito akukulonjerani. Chitseko cha chikepe ndicho chitseko cha shopu. M'nyumba zambiri, shopu ikaweruka mwini wake amakiya nsanjika yake ndipo batani lake limaleka kuyankha, zinazo zikugwirabe ntchito mpaka mbandakucha.

Poika chikepe ndi nkhani imene imamuimitsa mutu wojambula pulani kuposa maonekedwe a kunja. Akachiika kutsogolo, chimadya zenera la nsanjika iliyonse, pomwe zeneralo ndi limene limauza anthu apamsewu kuti m'mwambamo muli moyo. Akachiika kumbuyo, mazenera apulumuka, koma shopu yapansi yataya kanjira konse kopita kumeneko, ndipo wogula ayenera kulowa mkati mwa nyumba yachilendo asanakwere. Pa nyumba ya mamita 5, masentimita 30 amene apita ku kanjira amasintha chiwerengero cha matebulo amene angakwane, ndipo matebulowo ndi amene amalipira lendi. Masitepe othawira moto akufuna malo awo. Chimbudzi chikufuna ake. Mapaipi a madzi abwino, a madzi oipa, a gasi ndi a utsi wa kukhitchini ayenera kukwera kuchokera pansi mpaka kudenga osagundana. Mmisiri waluso amazipanikiza zonsezi mzere umodzi, chakukhoma limodzi, ndipo mizati amaibisa m'makoma a m'mbali, kuti chotsalacho chikhale chipinda chimodzi choyera, chopanda mzati pakati. Ndikayang'ana pulani ya nsanjika yotereyi ndimaona munthu amene anakana kutaya ngakhale malo okwana phazi, ndipo ndimamuvulira chipewa.

Zikwangwani zija ena amati zimaipitsa mzinda. Kwa ine ndi chiwalo cha nyumbayo monga mmene alili masitepe. Chikwangwani chachikulu sichigonekedwa pakhoma ayi, chimatuluka cham'mbali kuloza kumsewu, kuti woyenda pansi achiwerenge akadali patali. Chimatsika kuchokera pamwamba mpaka pafupi ndi polowera, chogawidwa mabokosi, ndipo kawirikawiri mabokosiwo amatsatana monga mmene nsanjika zake zatsatanira. Pakona pa lililonse palembedwa 3F, 7F kapena B1, kusonyeza kokwera kapena kotsikira. Chijapanizi chimalembeka chotsika pansi mosavuta, ndiye dzina lathunthu limakwana m'kabokosi koonda. Mmisiri amaganizira zitsulo zogwira chikwangwanicho ndi nthambo zake za magetsi pamene akujambula nyumba, chifukwa akudziwa kuti popanda icho nsanjika yachisanu ndi chiwiri idzakhala zii. Anthu a ku Tokyo nawo anazolowera kuyenda maso ali m'mwamba. Kufunafuna pokadya kumeneko n'kuwerenga nyumba kuyambira pansi kukwera.

Tsopano suzumirani pakati pa nyumbayi ndi inzake. Patali zimaoneka zogundana, koma pafupi mupeza kampata kamdima, mwina kongolowa mkono, mwina kodutsa mphaka. Nyumba iliyonse imaima payokha, pa maziko ake, sigawana khoma ndi ya mnansi. M'dziko la zivomezi zimenezi n'zofunika. Nyumba yoonda ndi yaitali imagwedezeka mwa njira yakeyake, ndipo mphamvu ya chivomezi imafuna kuizula mbali imodzi uku ikuikanikiza mbali inayo, choncho mainjiniya amazika mizati ya maziko pansi kwambiri kuti ikagwire nthaka yolimba. Malamulo omanga anakhwimitsidwa mu 1981, patapita zaka zitatu chichitikire chivomezi cha ku Miyagi, ndipo mpaka lero wogula kapena wochita lendi ku Japan amafunsa ngati nyumba inamangidwa chaka chimenecho chisanafike kapena chitadutsa. Kampata kaja kali ndi phindu linanso. Nyumba imodzi ingathe kugwetsedwa n'kumangidwanso osakhudza anansi, moti mzinda umasintha puloti imodzi pa nthawi, malonda a mbali zonse ziwiri ali mkati. Kumanga pamalo opanikizika chonchi ndi luso palokha. Posungira zipangizo palibe. Lole ya zitsulo imafika pa ola limene inapatsidwa, kutsitsa n'kuchoka, ndipo pachipata pamaima bambo wonyamula ndodo yowala, akulondolera oyenda pansi uku akuwerama mopepesa.

Kutalika kwake nakonso kuli ndi mbiri. Kwa zaka zambiri lamulo la Japan silinkalola nyumba kupitirira mamita 31. Malirewo anayamba kumasulidwa mu 1963, ndipo mu 1968 Kasumigaseki Building ya nsanjika 36 inatsegulidwa. Koma nambala ija sinafe. Nyumba yopitirira mamita 31 kawirikawiri imafunika chikepe chapadera cha ozimitsa moto, ndipo pa puloti yaing'ono chikepe chotero, pamodzi ndi kachipinda kake kotetezedwa ku utsi, chimadya malo ochuluka zedi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyumba zoonda zambiri zimathera pa nsanjika 9 kapena 10. Mukaona zapamwamba zitadulidwa mopendekeka, dziwani kuti ndi lamulo lina, loonetsetsa kuti kuwala ndi mpweya zizifika pamsewu. Padenga pamakhala thanki ya madzi, makina oziziritsa mpweya ndi mabokosi a magetsi, zobisika kuseri kwa chikwangwani chachikulu chimene nachonso chimalipira lendi.

Chimene ndimachikonda koposa n'chakuti mmisiri sayesa kulosera amene adzakhalemo. Nthawi zambiri wochita lendi amalandira chipinda cha konkire chabe, chokhala ndi polumikizira madzi, gasi ndi magetsi, n'kuchikonza mmene akufunira, ndipo pochoka amachibwezera mmene anachipezera. Ena amalowa pamene mnzawo wasiya khitchini ndi mipando momwemo, zimene zimachepetsa mpamba woyambira. Popeza lendi imatsika mukamakwera, nsanjika zapamwamba zimalandira anthu amene pansi sakanapakwanitsa: wophika wachinyamata wa mipando 12, mayi wokonza zikhadabo, bambo wogulitsa malekodi akale. Zinthu zazikulu zayambirapo m'malo otere. Ku Akihabara, ogulitsa zipangizo za wailesi atalamulidwa kuchoka m'misewu mu 1949, anakadzipanikiza m'timashopu pansi pa njanji, ndipo mu 1962 kunatsegulidwa Radio Kaikan, nyumba yodzaza mashopu a zamagetsi. Mu 1976 kampani ya NEC inatsegula malo otchedwa Bit-INN pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri ya nyumbayo. Achinyamata ofuna kuphunzira makompyuta ang'onoang'ono ankakhamukira kumeneko, ndipo ambiri amati pamenepo ndi pamene panabadwira kompyuta ya pakhomo ku Japan. Makompyuta atafala, nsanjika zomwezo zinadzaza zidole ndi mabuku a zithunzi, nyumba osafuna kusinthidwa. Masiku ano foni ya m'manja yawonjezera mphamvu ku nsanjika zam'mwamba. Munthu amapeza malo odyera pa Tabelog kapena Google Maps akadali m'sitima, amasungitsa mpando, ndipo pofika amangofuna nambala ya nsanjika. Shopu imene ilibe ngakhale zenera loyang'ana kumsewu ingathe kudzaza usiku uliwonse.

Zonsezi sizikanatheka lamulo likanakhala louma. Magawo a kagwiritsidwe ntchito ka malo ku Japan amakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko lonse, ndipo alipo 13 okha. M'dera la malonda muthanso kumanga nyumba zogona, chipatala kapena sukulu, ndipo ngakhale m'dera la nyumba zogona lokhwimitsidwa kwambiri munthu amaloledwa kukhala ndi kashopu kosapitirira masikweya mita 50 m'nyumba mwake. Pulani ikakwaniritsa malamulo olembedwa imavomerezedwa. Nyumba zazing'ono sizikakamizidwa kukhala ndi poimika magalimoto, ndipo kuyambira mu 1962 wogula galimoto ndi amene ayenera kusonyeza kuti ali ndi poisunga.

Pali chilonda chimene wosirira nyumbazi sayenera kuchiphimba. Pa 1 Sepitembala 2001 moto unabuka m'nyumba ya Myojo 56 ku Kabukicho ndipo unapha anthu 44 amene anali pa nsanjika yachitatu ndi yachinayi. Nyumbayo inali ndi masitepe amodzi okha, opanikiza, ounjikidwa katundu, ndipo zitseko zotchinga moto sizinatsekeke, moti utsi unakwera molunjika kumene kunali anthu. Kuumira malo kumene ndakhala ndikutamanda kumabala imfa pamene wina wasandutsa masitepe kukhala posungira mabokosi. Chaka chotsatira lamulo la zamoto linakhwimitsidwa. Ozimitsa moto anapatsidwa mphamvu zoyendera nyumba osadziwitsiratu ndi zolamula kuti katundu achotsedwe, ndipo chindapusa cha kampani yonyozera lamulo chinakwera mpaka mayeni 100 miliyoni. Pa luso lonse la nyumba yoonda, masitepe ndi amene ndimayesera nawo mmisiri ndi mwininyumba, chifukwa ndi malo amene sabweretsa lendi koma ayenera kukhala opanda kanthu tsiku lililonse.

Kwa nthawi yaitali akatswiri a zomangamanga ankazinyoza nyumba zosakaniza ntchito chonchi. Mu 2001 Momoyo Kaijima, Junzo Kuroda ndi Yoshiharu Tsukamoto anatulutsa buku lotchedwa Made in Tokyo, mmene anajambula mosamala nyumba 70 zimene anzawo ankaziyesa zopanda pake. Muli supamaketi imene padenga pake panali sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, fakitale ya konkire yophatikizana ndi nyumba za antchito ake, komanso msewu wina wozungulira dera la Ginza umene umandisangalatsa nthawi zonse ndikauganizira. Msewuwo, wa makilomita pafupifupi awiri, unamangidwa ndi kampani yoima payokha pamwamba pa ngalande zakale zimene zinakwiriridwa, ndipo unali denga la mashopu ndi malo odyera. Lendi ya mashopuwo ndi imene inkasamalira msewu, moti oyendetsa galimoto sankalipira kalikonse. Unatsekedwa kwa magalimoto mu 2025 kuti usandutsidwe njira ya oyenda pansi. Mu 2022 Jorge Almazán wa ku yunivesite ya Keio ndi gulu lake anatulutsa Emergent Tokyo, ndipo nyumba za zakkyo anazipatsa mutu wawokha, n'kuziyeza ndi kuzijambula nsanjika ndi nsanjika.

Amisiri otchuka amene anamvetsa funso la nyumba yoonda anapanga nalo zodabwitsa. Mu 1966 Yoshinobu Ashihara anagawa nsanjika iliyonse ya Sony Building ku Ginza panayi, chigawo chilichonse chotsika masentimita 90 poyerekeza ndi chinzake, kuti mlendo akwere pa chikepe mpaka pamwamba kenako azitsika mozungulira, osazindikira pamene nsanjika ina yathera. Nyumbayo inagwetsedwa itatsekedwa mu 2017. Imene ilipobe ndi Nicolas G. Hayek Center ya Shigeru Ban, yotsegulidwa mu 2007. Kampani ya mawotchi ya Swatch inkafuna mashopu 7 pa puloti yoonda ya ku Ginza, ndipo pansi pakanangokwana imodzi kapena ziwiri. Ban anasiya pansipo pakhale njira yodutsa anthu, n'kuikamo tizipinda 7 tagalasi, kalikonse koonetsa mawotchi a mtundu umodzi. Mukalowa kuti muone bwino n'kudina batani, kachipindako kamanyamuka nanu kukakutulani m'shopu yake. Chikepe, chikwangwani ndi zenera zasanduka chinthu chimodzi. Nzeru yake ndi yomwe ija ya amisiri osadziwika aja, yangovekedwa galasi lodula.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mphepo ikuombera kwina. Chiyambire lamulo la mu 2002 lofewetsa malamulo omanga m'madera osankhidwa, makampani akuluakulu akhala akuphatikiza mapuloti ambirimbiri n'kumangapo nsanja zikuluzikulu. Azabudai Hills, yotsegulidwa mu 2023, ili ndi nsanja yopitirira mamita 300, ndipo nayonso ili ndi maofesi, nyumba zogona, mashopu ndi sukulu pamalo amodzi. Imapirira zivomezi kuposa nyumba zakale, zimenezo palibe angatsutse. Koma woyendetsa ndi kampani imodzi, wosankha ochita lendi ndi mmodzi, ndipo lendi yake wophika wa mipando 12 uja sangaifike. Mdadada wa nyumba zoonda 20 uli ndi eni 20, aliyense ndi mtima wake ndi mtengo wake, ndipo munthu wa mpamba wochepa akakanidwa apa amakagogoda apo. Nyumba zambiri zomangidwa 1981 isanafike zikufunika kulimbitsidwa kapena kumangidwanso, ndipo nthawi imeneyo ndi imene makampani amawafikira eni ake. Ndikanakonda eni malo ndi akuluakulu a mzinda akanamasankha kumanganso puloti iliyonse payokha, ndi maziko olimba ndi masitepe okwanira. Pa ntchito yopatsa anthu ambiri pochitira malonda pa nthaka yochepa, nyumba yoonda ya nsanjika 9 imaposa nsanja ya nsanjika 64 ngati ya Azabudai Hills.